Mafunso Achibale pa Makina Ofufuzira ndi Kalembedwe ka Chichewa

Munthu akalemba funso pa makina ofufuzira a pa intaneti monga Google, amapatsidwa zinthu ziwiri zimene sanapemphe. Choyamba chimabwera iye asanathe kulemba: mndandanda wa mawu oti amalizire funso lake. Chachiwiri chimapezeka kumunsi kwa tsamba la mayankho, ndipo ndi mafunso ena oyandikana ndi lakelo. M'nkhani ino oyambawo tiwatcha mawu omalizitsa, enawo mafunso achibale. Dzina loti "mafunso ofanana" taliona kuti likuperewera, pakuti funso la mtengo wa feteleza ndi funso la nthawi yodzala chimanga si ofanana, koma ubale ulipo.

Google inayamba kuyesa mawu omalizitsa m'chaka cha 2004, ndipo mu 2008 inawaika pa tsamba lake lalikulu. Maziko a ntchitoyi ndi chiwerengero. Makina amasunga mafunso amene anthu alemba, ndipo funso lobwerezedwa kawirikawiri ndilo limatsogola. Ubale wa mafunso awiri umadziwika anthu ambiri akamafunsa lina atangofunsa linzake, kapena mafunso onsewo akamafikitsa anthu pa tsamba limodzi. Mawu opezeka pamodzi m'masamba a pa intaneti amathandizanso.

Malo amene wofunsa ali nawonso amawerengedwa. Mu Lilongwe madera amadziwika ndi manambala, kotero munthu amene ali ku Old Town kapena ku City Centre akalemba "Area 10" kapena "Area 43", nkoyenera kuti makina amuonetse za nyumba za lendi ndi malo ogona alendo. Koma chiwerengero cha dziko lonse lapansi ndi cholemera. Lilongwe ali ndi Area 51 yakeyake, komabe dzinali limadziwika kwambiri ngati malo a asilikali ku Nevada, m'dziko la Amereka, ndipo wofuna ya kwathu kuno achita bwino kuwonjezera dzina la mzinda.

Tsopano tifike pa zimene zikutikhudza ife alembi, akonzi ndi aphunzitsi. Funso limaonekera pa mndandanda pokhapokha litalembedwa ndi anthu okwanira. Ofunsa m'Chichewa ndi ochepa kale poyerekeza ndi ofunsa m'Chingerezi, ndipo ochepawo amagawikananso chifukwa cha kalembedwe. Wina alemba "mawu", wina "mau". Wina alemba "ntchito", wina "nchito". M'Malawi timalemba "chakudya", pamene Chinyanja cha ku Zambia chimalemba "cakudya". Palinso "kulira" ndi "kulila", ngakhale lamulo ndi lodziwika: r amatsata i ndi e, l amakhala m'malo enawo. Ndiye pali kulumikiza ndi kulekanitsa mawu, monga "wabwino" ndi "wa bwino". Funso limodzi lingathe kulembedwa m'njira zisanu, ndipo njira iliyonse imatenga kagawo kochepa ka chiwerengero. M'Chingerezi makina anaphunzira kalekale kuti kalembedwe ka ku London ndi ka ku New York ndi ka mawu amodzimodzi, chifukwa zitsanzo n'zochuluka. Chichewa chilibe zitsanzo zotere zokwanira, ngakhale chinalowa mu Google Translate mu 2014.

Kapangidwe ka mneni wathu kamawonjezera vutoli. "Ndikufuna", "tikufuna", "ndimafuna" ndi "akufunidwa" onse ali pa tsinde limodzi, koma makina amene sanaphunzitsidwe aphatikiri ndi atsatiri a Chichewa angawatenge ngati mawu anayi osiyana. Za nkhodolero ya mu "m'mudzi" ndi chizindikiro cha pa ŵ tisataye nazo nthawi, pakuti makina kawirikawiri sazilabadira.

Aphunzitsi achenjeze ophunzira pa mfundo imodzi. Mawu amene makina aonetsa si chigamulo cha kalembedwe. Ngati ambiri alemba molakwa, cholakwacho ndicho chingatsogole, ndipo wophunzira akachisankha pa mndandanda amachiwonjezera mphamvu. Woweruza akhale Malamulo a Kalembedwe ka Chichewa, amene Chichewa Board inatulutsa mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, pamodzi ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000, wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba.

Kwa akonzi ntchito ilipo. Chichewa chochuluka masiku ano chimalembedwa pa WhatsApp, kumene makina ofufuzira safika, ndipo zidziwitso zambiri zimafalitsidwa ngati zithunzi. Nkhani ya m'nyuzipepala, chidziwitso cha zaumoyo kapena phunziro la sukulu zikaikidwa pa tsamba lotseguka ngati malemba enieni, mutu wake utalembedwa motsata malamulo ndi m'mawu amene wofunsa angagwiritse ntchito, makina amapeza pophunzirira. Mutu woti "Mankhwala a malungo kwa ana" ungakumane ndi funso la mayi amene mwana wake watentha thupi, pamene mutu wophiphiritsa sungakumane nalo.