Cifukwa cake makhoti awili anaweluza mosiyana pa nkhani ya a Chiluba

Pa 4 May 2007, Khoti Yaikulu ya ku London inagamula kuti mtsogoleli waciwili wa dziko lino, malemu a Frederick Chiluba, pamodzi ndi anzao, abweze ndalama za boma pafupifupi madola 46 miliyoni. Patapita zaka ziwili, pa 17 August 2009, khoti ya majisitileti mu Lusaka inawapeza osalakwa pa mlandu wakuba. Mpaka lelo anthu amafunsabe kuti ndi woweluza uti amene anaphonya. Komatu makhoti awiliwa sanali kuyankha funso limodzi.

Mlandu wa ku London unali wa civil, kutanthauza mlandu umene wodandaula amasuma kuti abwezeledwe zake kapena alipidwe. Wosuma anali loya wamkulu wa boma la Zambia. Pa mlandu wotele palibe amene amapita kundende. Woweluza amayeza umboni wa mbali zonse ziwili, ndipo mbali imene umboni wake walemela, ngakhale pang'ono cabe, ndiyo imapambana. A Chiluba anakana kukadziteteza, ponena kuti khoti ya kunja ilibe mphamvu pa iwo. Motelo woweluza Peter Smith anatsata mapepala a kubanki oonetsa mmene ndalama zinali kutulukila mu akaunti ya Zamtrop, ya bungwe la akazitape a boma, ku nthambi ya Zanaco mu London.

Mlandu wa ku Lusaka unali wa upandu. Unatheka cifukwa mu July 2002 Nyumba ya Malamulo, atapempha Pulezidenti Levy Mwanawasa, inacotsa citetezo cimene lamulo limapatsa munthu amene anakhalapo mtsogoleli wa dziko. Ndalama zimene anawazengela zinali pafupifupi madola 500,000 cabe. Pa mlandu wa upandu muyeso ndi wokwela kwambili, pakuti ufulu wa munthu uli pangozi: boma liyenela kupeleka umboni wosasiya cikaiko ciliconse comveka, ndipo woimbidwa mlandu sakakamizidwa kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. A Chiluba ananena kuti mu akaunti ija munalinso ndalama zao zocokela kwa owafunila zabwino. Majisitileti Jones Chinyama anaona kuti boma lalephela kusonyeza kuti ndalama zimene anatenga zinalidi za boma. Cikaiko cimeneco ndico cinawamasula.

Lamulo limeneli silikhudza atsogoleli okha. Munthu amene khoti yam'masula pa mlandu wakuba ng'ombe angasumilidwebe ndi mwini ng'ombezo kuti alipe, ndipo angaluze. Kumasulidwa kumatanthauza kuti umboni sunakwane kuti munthu amangidwe, osati kuti alibe ngongole.

Pamene nkhaniyi inapunduka ndi pa zimene zinatsatila. Kagulu kofufuza zakatangale kanapeleka cidziwitso ca apilo, koma mkulu woyang'anila milandu ya boma pa nthawiyo, a Chalwe Mchenga, anacibweza. Malamulo amawapatsadi mphamvu imeneyo. Komabe pa mlandu umene unadya zaka zoposa zisanu ndi cimodzi, kukanakhala bwino khoti yapamwamba ikanaunikanso cigamulo ca majisitileti, kuti onse okhutila ndi osakhutila amve mau otsiliza.

Cigamulo ca ku London naco cinali ndi msampha wake. Cigamulo ca khoti ya kunja sicigwila nchito cokha muno; ciyenela kuyamba calembedwa mu Khoti Yaikulu ya Zambia, apo ndi pamene katundu wa woluza angalandidwe. Mu August 2010, woweluza Evans Hamaundu anakana kucilemba, ponena kuti lamulo lovomeleza zigamulo za maiko ena silinafutukulidwe kuti likhudze dziko la Britain. Boma la Pulezidenti Rupiah Banda silinacite apilo.

A Chiluba anamwalila pa 18 June 2011, cigamulo ca ku London cisanalembedwe muno.