Perete wa Apayoniya M'sukulu

Anzanga ena pano pa Domasi amati tikadamagubitsidwa ngati asilikali a ku Cobbe Barracks ku Zomba, phokoso la m'nyumba yogona likadatha. Ndifuna kuwakumbutsa kuti zimenezi zinayesedwa kale m'dziko muno.

Gulu la Malawi Young Pioneers linayamba m'chaka cha 1963, ndipo alangizi ake ena anachokera ku Israel. Kampu ina inali ku Nasawa, m'boma lathu lomwe lino. Apayoniya ankatumizidwa m'masukulu kukaphunzitsa masewera olimbitsa thupi, kuguba, ndi ngodya zinayi za Dr Banda: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo.

Mphamvu ya perete ili apa: ana onse ayenera kuponda phazi limodzi nthawi imodzi. Mmodzi akaphonya, mzere wonse ukhota, tsono anzake amam'dzudzula mlangizi asanalankhule. Potero mwana aphunzira kusunga nthawi ndi kutchera khutu. Agogo anga, amene anaguba ali pasukulu, mpaka lero sachedwa ku mapemphero. Izi nzabwino ndithu.

Koma iwo omwewo amati kumverako kunali kwa mantha. Panalibe wofunsa kuti "chifukwa ninji?" pakuti mpayoniya ankatha kuneneza ngakhale mphunzitsi kwa akulu a chipani. Ine ndiona kuti mwana woleredwa motere amamvera aliyense wokweza mawu, wolungama ndi woipa yemwe, ndipo akapatsidwa udindo nayenso amazunza ang'onoang'ono. Gululo linakhala zaka 30, kufikira December 1993 pamene asilikali analilanda mfuti pa Operation Bwezani.