Chinyontho m'nyumba: tikonzeretu mvula isanayambe

Amayi anzanga, akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tonse tikuyembekezera mvula yodzalira mu Novembala, koma mvula yomweyo ikapeza nyumba yosakonzeka imasiya makoma onyowa, fungo la nguwi m'zovala ndi ana otsokomola usiku wonse. Ife a kuchipatala timaona zotsatira zake chaka ndi chaka.

Nyumba ya chinyontho imamera nguwi, ndipo fumbi lake limautsa mphumu ndi chifuwa. Khanda logona pamphasa pansi ponyowa limazizidwa msanga, chifukwa thupi lake silinayambe kusunga kutentha bwino. Chimanga ndi mtedza zikakhala ponyowa zimachita chuku, chomwe poizoni wake amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike. Panja, chithaphwi chikakhala sabata imodzi kapena ziwiri chimaswa udzudzu wa malungo. Khoma la zidina likamwa madzi m'munsi limafooka. Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera zinagwa mvula itagwa masiku angapo osakata.

Madzi ambiri olowa m'nyumba amachokera padenga lathu lomwe. Denga la mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi likalandira mvula ya mamilimita 20, limatsitsa malita 960, pafupifupi migolo isanu ya malita 200. Madzi onsewa akagwera m'tsinde mwa khoma amalowa m'maziko. Choncho yambani ndi denga: tsekani pothonya, folerani udzu watsopano, ndipo onetsetsani kuti denga latulukira kunja mokwanira kuteteza khoma. Ngati muli ndi malata, ikani gatala wolowetsa madzi mumgolo wovundikira. Mupeza ochapira osapita kumjigo.

Chachiwiri ndi nthaka yozungulira nyumba. Kusesa kwa tsiku ndi tsiku kumakokolola dothi, mpaka maziko kuonekera ndi madzi kumaima pakhoma. Thirani dothi, mulitsendere bwino, kuti nthaka itsetsereke kuchoka kukhoma, kutsika masentimita 15 pa mamita atatu oyamba. Kwezani khonde ndi kulizira, kapena kuliwaka ndi simenti ngati mungathe.

Ngati nyumba ili pamtsetse, kumbani ngalande kumtunda kwake kuti ipatutse madzi asanafike pakhoma. Dzalani vetiva m'mphepete kuti isagumuke, ndipo muzichotsamo mchenga ndi zinyalala mvula iliyonse ikakata. Ngalandeyo isaloze kuchimbudzi, kuchitsime kapena kukhomo la mnzanu. Kambiranani ndi oyandikana nawo kumene madzi athere. Madzi a kubafa ndi a pathandala apite m'dzenje lodzaza miyala ndi zibenthu za njerwa, lotalikira mamita asanu kuchoka panyumba.

Inu amene mukumanga, musalole mmisiri kudumpha pepala lakuda la pulasitiki. Liyalidwe pamwamba pa maziko, masentimita 15 kuchokera panthaka, komanso pansi ponse asanathire simenti. Njerwa imakoka madzi monga chingwe cha nyali chimakokera palafini, ndipo pepalalo ndilo limadula njira. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kugumula khoma pambuyo pake. Kupaka penti pakhoma lonyowa n'kutaya ndalama, chifukwa amatukusira n'kusupuka.

Kuti mudziwe kumene chinyontho chikuchokera, matani kapepala ka pulasitiki pansi kapena pakhoma, mutseke m'mbali monse, mudikire masiku awiri. Kakanyowa kunsi, madzi akuchokera m'nthaka kapena m'khoma. Kakanyowa pamwamba, vuto ndi mpweya wa m'nyumba: tsegulani mazenera masana, ndipo musayanike zovala m'chipinda chogona. Matumba a chimanga muwasanjike pamitengo, asakhudze pansi kapena khoma. Dzuwa likawala tulutsani mphasa, matiresi ndi zofunda.

Chenjezo lalikulu: musaumitse nyumba ndi mbaula zitseko ndi mazenera zili zotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Ndipo mwana akamatsokomola, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi ali phee. Kukafika ka 60 kwa khanda losakwana miyezi iwiri, ka 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, kapena m'munsi mwa nthiti mukamalowa mkati popuma, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chingakhale chibayo.

Ntchito zambiri mwa izi zimangofuna khasu ndi manja. Pamsonkhano wanu wotsatira lembani maina a agogo, amasiye ndi amayi oyembekezera a mu mphakati wanu, musankhe Loweruka limodzi mu Okutobala, mukawakumbire ngalande ndi kuwakwezera makonde mitambo isanayambe kuda.