Kuponya kwa Cipulumutso

Ife a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi tidziwa kuti nsolo ifuna nzeru zokha, pamene juga idalira mwai wokha. Lero tikamba za masewera ena amene asanganiza ziwirizi, ndipo afanana ndi nthano za madzulo.

Dzina lao ndi Dungeons & Dragons. Anawapanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America, ndipo anasindikizidwa m'caka ca 1974. Munthu mmodzi asimba nthano, koma anzake sangobvomera kuti "Tili tonse" ai. Yense atenga munthu wake m'nthanomo, wina mlenje, wina msilikali, wina sing'anga, nanena cimene munthuyo acita.

Tsono tinene kuti mlenje ali kukwera phiri la Mphangwe, ndipo mphiri yamluma. Kodi afa kapena acira? Wosimba akaweruza yekha padzakhala mkangano, pakuti ena adzati akondera. Cifukwa cace mwini mlenjeyo aponya dayisi ya mbali 20. Pa Cingelezi kuponyaku ndi saving throw, ndiko kunena kuponya kwa cipulumutso.

Monga mwa malamulo a m'caka ca 2014, wosimba ayamba waika nambala yolingana ndi kukula kwa ngozi, tinene 15. Woponya aonjeza nambala ya mphamvu za munthu wake pa nambala imene yaturuka. Zonse pamodzi zikakwana 15 kapena kupitirira, wapulumuka. Mphamvuzi zili zisanu ndi imodzi, ndipo ngozi iri yonse iyesa yace: ululu wa njoka uyesa kulimba kwa thupi, moto uyesa cangu, matsenga onyenga mtima ayesa nzeru.

Taonani kawerengedwe kace. Mlenje wofooka alibe coonjeza. Impulumutsa ndi mbali 6 zokha, kuyambira 15 kufikira 20, ndiko kuti kaponyedwe 30 mwa 100. Mlenje wolimba amene aonjeza 3 angofuna 12. Mbali zace ndi 9, ndiko kuti 45 mwa 100. Kukonzeka kwamuonjezera mwai ndithu, koma sikunacotse ngozi, pakuti mbali 11 zikali zomugwetsa. Akulu anati tsoka silinunkha.

Cina ndi ici: kupulumuka sikuli kucoka wopanda bala nthawi zonse. Mfiti ya m'nthano ikaponya moto, amene waponya bwino apsabe, koma theka lokha. Inu a pansi pa mgodi mudziwa zimenezi koposa ife. Cisoti siciletsa mwala kugwa, koma cisandutsa maliro kukhala cilonda.

Comariza, dayisi siikumbukira. Ngakhale munthu alephere kasanu, kacisanu ndi cimodzi mwai wace uli comwecija, suonjezeka ai. Apa ndi pamene a juga atayira malipiro a mwezi wathunthu, poganiza kuti mwai uli nao ngongole, ana kumudzi ali kudikira ya sukulu.

M'masewera anzathuwa amene afa ndi munthu wa m'nthano, ndipo mawa mwini wace atenga wina. Kwa ife sikutero. Mbali za dayisi sitingazisinthe, koma nambala yoonjeza iri m'manja mwathu. Tsalani bwino.