Anyamata Osalipidwa a ku Hampden: Nyengo ya Queen's Park ya 2012–13

Awerengi athu amene amatchera khutu ku wailesi Loweruka madzulo kuti amve za mpira wa ku Ulaya, dzina la Andy Robertson si lachilendo kwa iwo ayi. Amamudziwa monga mnyamata wa mwendo wamanzere amene anathandiza Liverpool kutenga chikho cha Champions League m'chaka cha 2019, ndiponso monga munthu amene anasankhidwa kutsogolera timu ya dziko la Scotland m'chaka cha 2018. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti m'nyengo ya mpira ya 2012 mpaka 2013 munthu yemweyu ankasewera wosalandira malipiro ali onse, koma ndalama ya ulendo yokha, mu timu ya mumzinda wa Glasgow yotchedwa Queen's Park. Nkhani ya timuyi ndi ya nyengo imeneyo ndiyo tifuna kuilongosola lero, pakuti muli funso limene likhudza aliyense amene anayesapo kusunga gulu la anyamata ndi chikondi chokha, m'thumba mulibe kanthu.

Glasgow ali pa mtsinje wa Clyde, mailosi ochepa kuchokera ku Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Kummwera kwa mzindawo ndiko kunayambika Queen's Park pa 9 Julaye 1867, ndipo palibe kalabu ina ya mpira m'dzikomo yoiposa ukale. Pa 30 Novembala 1872, pamene Scotland ndi England zinakumana m'masewero oyamba ovomerezeka a maiko awiri, anthu onse 11 amene anaimira Scotland anali a Queen's Park, ndipo masewerowo anatha 0–0. Masiku amenewo Angelezi ankakonda kuti munthu atenge mpira nathamanga nawo yekha kufikira atalandidwa. Anyamata a ku Glasgow ndiwo anazolowera kupatsirana, ndipo kaseweredwe kawo ndiko kanafalikira pambuyo pake. Chikho cha Scottish Cup anachitenga kakhumi pakati pa 1874 ndi 1893, chiwerengero chimene matimu awiri okha, Celtic ndi Rangers, anachipitirira. Tisaiwalenso kuti Andrew Watson, wobadwira ku British Guiana, amene amadziwika monga munthu wakuda woyamba kusewera mpira wa maiko, anali wa timu yomweyi pamene anatsogolera Scotland kugonjetsa England 6–1 m'chaka cha 1881.

Chaka cha 1893, chimene anatenga chikho chawo chotsiriza, ndicho chaka chomwenso malamulo a ku Scotland analola kuti osewera azilipidwa. Matimu ena onse akuluakulu anatsata njira imeneyo. Queen's Park inakana. Mawu ake a Chilatini, Ludere Causa Ludendi, atanthauza kusewera chifukwa cha masewero okha, ndipo akuluakulu a kalabuyo sanawatenge monga chokometsera pa malaya, koma monga lamulo. Kuyambira pamenepo ulemerero wa m'bwalo unayamba kuchepa, komabe chuma china chinatsala m'manja mwawo. M'chaka cha 1903 anatsegula bwalo la Hampden Park limene lilipo lero, ndipo linali lalikulu koposa onse pa dziko lapansi kufikira pamene a ku Brazil anamanga Maracanã m'chaka cha 1950. Anthu oposa 149,000 analowamo m'chaka cha 1937 kudzaonerera Scotland ndi England. Tsono kunali chodabwitsa chimene alendo ankavutika kuchimvetsa: bwalo la dziko lonse, kumene kumachitikira masewero otsiriza a zikho, mwini wake anali kalabu ya anthu osalipidwa, ndipo bungwe loyendetsa mpira, Scottish Football Association, linali lolipira lendi. Loweruka wamba, m'bwalo la mipando pafupifupi 52,000 munkakhala anthu mazana owerengeka, kotero kuti munthu akafuula mbali ino ankamveka tsidya linalo.

Zinthu zikadapitirira mwakachetechete chomwecho, koma m'chaka cha 2012 kunagwa tsoka kwa anansi awo. Rangers, imene inali itatenga ligi ya Scotland ka 54, inapezeka kuti ili m'ngongole zazikulu, zina za msonkho wa boma. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kampani imene inkayendetsa kalabuyo inathetsedwa, ndipo mu Julaye chaka chomwecho matimu anavota kuti Rangers ikayambire mu Third Division. Dzinali lisasokoneze awerengi: gawo limeneli linali lachinayi, lapansi penipeni pa ligi ya dziko, pakuti pamwamba pa First Division panali Scottish Premier League. Munali matimu 10, ndipo iliyonse inkakumana ndi inzake kanayi, masewero 36 onse pamodzi. Chotero anyamata osalipidwa anayenera kukumana kanayi ndi anthu amene mpira unali ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, pansi pa mphunzitsi Ally McCoist.

Mphunzitsi wa Queen's Park nyengo imeneyo anali Gardner Speirs, ndipo gulu limene anali nalo linali la anthu a ntchito ndi ana a sukulu, ochita zokonzekera madzulo ataweruka. Robertson anali ndi zaka 18. Celtic inamuchotsa ali ndi zaka 15 poganiza kuti ndi wochepa msinkhu, ndipo anafika ku Queen's Park monga mwana wokanidwa. Pofuna kupeza ya m'thumba ankagwira ntchito mu ofesi ya ku Hampden komweko, kuyankha lamya za anthu ofuna matikiti, ndipo nthawi ya Khirisimasi anagwirako ganyu m'sitolo ya Marks & Spencer. Ankasewera kumbuyo kumanzere, koma sankakhala kumbuyoko. Khalidwe lake lothamanga mzere wonse kukaponya mpira pakhomo pa golo, limene a Liverpool analitama pambuyo pake, linaoneka kale pamaso pa mipando yopanda anthu. Kutsogolo kunali Lawrence Shankland, wa zaka 17, womwetsa zigoli. Kunalinso Aidan Connolly ndi Blair Spittal, onse anyamata ang'onoang'ono. Aphunzitsi amene amasunga matimu a m'sukulu adziwa kuti gulu lotere, la ana anayi kapena asanu aluso okula nthawi imodzi, silibwera chaka chilichonse, ndipo likabwera silikhalitsa.

Nyengo inayamba bwino kwa iwo, ndipo Rangers inaonetsa msanga kuti ingathe kugwa, pakuti kumayambiriro kwa Okotobala inagonja 1–0 kwa Stirling Albion. Pa 20 Okotobala 2012 Queen's Park inapita ku Ibrox, kwawo kwa Rangers, kumene anthu oposa 49,000 anasonkhana kudzaonerera masewero a gawo lachinayi. Anyamatawo anagonja 2–0, koma sanachite manyazi. Kuyambira tsiku limenelo maso onse anali pa masewero obwereza a pa 29 Disembala ku Hampden.

Masewero amenewa ndiwo ayenera kuwalingalira bwino. Kwa Rangers anali mapointi atatu ena pa ulendo wobwerera kumwamba. Kwa Queen's Park munali zambiri. Choyamba chinali ndalama za pakhomo, pakuti khamu la tsiku limodzi linali loposa anthu onse amene akadabwera pa masewero ena a chaka chathunthu. Koma koposa ndalama, unali mwayi woyankha pamaso pa anthu funso limene linakhala likufunsidwa kuyambira 1893, lakuti kodi munthu wosewera mwa kufuna kwake angathe kuima ndi munthu wosewera chifukwa cha malipiro. Nzeru ya mpira imati kusiyana kwa awiriwa sikuoneka m'mphindi 20 zoyamba. Luso lingafanane, mtima ungapose. Chimene chimasiyana ndi mpweya ndi miyendo kumapeto, pakuti wina wagona masana ndi kudya zoyenera, pamene mnzake waima pa ntchito sabata yonse.

Tsikulo kunalowa anthu 30,117, ambiri a iwo ochemerera Rangers, kotero kuti eni bwalo anali ngati alendo pakhomo pawo. Queen's Park inatsala ndi anthu 10 pamene mmodzi wa iwo anatulutsidwa ndi woyimbira, komabe inatchinga golo lake kufikira mphindi 90 zitakwana, zigoli palibe. M'nthawi yowonjezera, Fraser Aird, amene analowa m'malo mwa mnzake, anaponya mpira umene unakagwera mu ukonde, ndipo masewero anatha 1–0. Chowawa n'chakuti Aird nayenso anali mwana wa zaka 17, msinkhu umodzi ndi Shankland, koma iye analowa ndi miyendo yopuma. Ife tiyesa kuti tsiku limenelo funso lija linayankhidwa mbali zonse ziwiri: wosalipidwa angathe kuima mphindi 90, ndipo ligi imawerenga zimene zachitika pa mphindi ya 91.

Masewero awiri otsalawo Rangers inapambananso, ndipo inatenga ligi mosavuta. Queen's Park inathera pa nambala 3, pambuyo pa Peterhead, ndipo inalowa m'masewero olimbirana kukwera, kumene Peterhead yomweyo inaigwetsa.

Chimene chinatsata ndicho mutu weniweni wa nkhani yathu. Nyengo itangotha, Robertson ndi Connolly anapita ku Dundee United, Shankland ku Aberdeen, ndipo Spittal anatsatira ku Dundee United m'chaka cha 2014. Munthu wosalipidwa alibe pangano la ntchito limene kalabu ingaligulitse. Akafuna kupita amapita, ndipo palibe angamudzudzule mnyamata wa mu ofesi ya matikiti chifukwa cholandira ntchito ya mpira. Koma taonani mawerengero ake. Patangopita chaka chimodzi, Dundee United inamugulitsa Robertson ku Hull City pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 2.85 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2017 Liverpool inapereka mapaundi pafupifupi 8 miliyoni. Amene anamutola atakanidwa namulera zaka zinayi ndiwo anaona zochepa koposa onse. Nyengo ya 2013–14 Queen's Park, itatha mphamvu, ndiponso itasamukira ku Airdrie chifukwa Hampden ankaikonzera masewero a Commonwealth a 2014, inathera pansi penipeni pa ligi.

Chaka chimenecho kukhala wotsiriza kunali manyazi chabe, pakuti kunalibe kotsikira. Koma kuyambira nyengo ya 2014–15 malamulo anasintha, ndipo timu yotsiriza inayenera kumenyera malo ake ndi timu yochokera m'maligi a m'zigawo, kumene kunali makalabu olipira osewera awo bwino. East Stirlingshire inagwa chomwecho m'chaka cha 2016, ndi Berwick Rangers m'chaka cha 2019. Nthawi yomweyo pangano la lendi la Hampden linali pafupi kutha, ndipo bungwe la mpira linali kulingalira zosamukira ku Murrayfield mumzinda wa Edinburgh. Pofuna kuti bwalo lisafe, Queen's Park inavomera m'chaka cha 2018 kuligulitsa kwa bungwelo pa mapaundi 5 miliyoni, ndipo linachoka m'manja mwawo m'chaka cha 2020. Apa mpomwe panaonekera chinthu chimene ambiri oyamikira mwambo wa kalabuyi sankachitchula: kusalipira osewera kunatheka zaka zonsezo chifukwa bwalo ndilo linkalipira zina zonse. Lendi itachoka, mwambo unatsala wopanda pogwira.

Mu Novembala 2019 mamembala a kalabu anavota, ndipo 91 mwa 100 alionse anavomera kuti osewera ayambe kulipidwa. Zaka 152 zinathera pamenepo. Sitiona chifukwa chowanenera kuti anagulitsa ukulu wawo, monga ena ananenera. Anthu amene anavotawo ndi omwe ankakhala m'mipando yozizira ija chaka ndi chaka, ndipo anaona okha zimene zinagwera Berwick.

Zotsatira zake zinabwera msanga, mothandizidwa ndi ndalama za Willie Haughey, munthu wamalonda wa ku Glasgow. Anatenga League Two m'chaka cha 2021, nakweranso m'chaka cha 2022 kulowa mu Championship. Mu Meyi 2023, pa tsiku lotsiriza la ligi, anangotsala pang'ono kufika m'gawo lapamwamba, koma Dundee inawagonjetsa 5–3. Pa 9 Febuluwale 2025 anapita ku Ibrox m'chikho cha Scottish Cup nagonjetsa Rangers 1–0. Chigoli anamwetsa Seb Drozd, ndipo mlonda wa pagolo Calum Ferrie anagwira penate ya James Tavernier m'nthawi yowonjezera, nthawi yomweyo imene inawapweteka m'chaka cha 2012. Anthu anakondwa, ndipo kunali koyenera. Komabe amene anapambana tsiku limenelo anali anthu a malipiro, ndipo kalabu yodalira thumba la munthu mmodzi ili ndi nkhawa zake zimene ya anthu osalipidwa inalibe.

Anyamata a 2012 aja anabwereranso ku Hampden. Pa 18 Novembala 2025 Scotland inakumana ndi Denmark m'bwalo lodzaza, ndipo inayenera kupambana kuti ipite ku World Cup koyamba chichokere 1998. Robertson ndiye anatsogolera timu kulowa m'bwalo. Shankland analowa m'chigawo chachiwiri namwetsa chigoli chachiwiri cha Scotland, ndipo masewerowo anatha 4–2.