Kupumira pakhosi: ntchito ya anamwino pa odwala a tracheostomy

Tracheostomy ndi kabowo kamene dokotala amaboola kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, n'kulowetsamo kachubu kopindika kuti mpweya uzifika m'mapapo osadzera m'mphuno kapena m'kamwa. Ku Lusaka odwala otere amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga UTH ndi Levy Mwanawasa. Ena ndi amene adavulala m'mutu pa ngozi zapamsewu ndipo akhalitsa pa makina opumira m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Ena chotupa cha khansa chidatseka njira ya mpweya, ndipo amathandizidwa ku Cancer Diseases Hospital, yomwe idatsegulidwa mu 2007.

Kuboolako sikutenga nthawi, ntchito yaikulu imatsalira anamwino. Mphuno imafunditsa mpweya, kuunyowetsa ndi kusefa fumbi. Ikalambalalidwa, makhololo amauma n'kumatirira m'kachubu. Choopsa n'chakuti wodwalayo sangakuwe, poti mpweya sukudutsanso pamene pamatulukira mawu. Choncho namwino amadalira maso ndi makutu: kuphuluphutha, thukuta, kupuma kwa phokoso, milomo kuyamba kuda.

Makhololo amapopedwa ndi kapaipi kofewa kolumikizidwa ku makina. Kupopa kumodzi sikupitirira masekondi 10 mpaka 15, chifukwa makinawo amakokera kumodzi ndi mpweya womwe. Kachubuko kamakhala ndi kena m'kati mwake, kamene amakasolola n'kukatsuka, khungu lozungulira kabowo amalipukuta ndi madzi a mchere a kuchipatala n'kuikapo kansalu kouma. Chingwe chomangira chimafuna anthu awiri posintha, wina kugwira kachubu, wina kumanga, ndipo pakati pa chingwecho ndi khosi pazilowa chala chimodzi basi. Kachubu kakathothoka m'sabata yoyamba, njira isanakhwime, kukabwezera n'kovuta kwambiri. N'chifukwa chake pambali pa bedi sipasowa timachubu tiwiri tapadera, kena kofanana ndi kamene wavala, kena kocheperapo.

Wodwala asanatulutsidwe, anamwino amaphunzitsa omusamalira kupopa, kutsuka ndi kulankhula naye ndi cholembera kapena manja. Phunziroli siliyenera kuchitidwa mothamanga tsiku lotuluka. Kunyumba, m'madera a mu Lusaka monga Kabwata kapena Chelstone, fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limalowa mosaletseka ngati kabowo sikaphimbidwa ndi kansalu kopyapyala, ndipo posamba madzi asalowemo. Kuzimazima kwa magetsi, komwe kudafika poipa mu 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba, kumaimitsa makina opopera, motero banja limafunika kukhala ndi a batire kapena opopa ndi phazi.