Ngongole Ikaposa Mtengo wa Nyumba: Kodi Mkhalapakati Wolipidwa Angathandize?

M'nkhani yathu ya lero tikambirana za vuto limene lidagwera mabanja ambirimbiri m'dziko la America kuyambira m'chaka cha 2007, ndi za makampani amene adabuka ndi lonjezo lakuti adzawalankhulira eninyumba kwa mabanki, koma atalandira kaye malipiro.

Tiyambe ndi kufotokoza vutolo. Munthu akafuna kugula nyumba koma ndalama zake zili zosakwanira, amakongola ku banki, ndipo nyumbayo imakhala chikole mpaka atamaliza kubweza, kawirikawiri m'zaka 30. Tiyerekeze kuti wina wakongola madola 190,000 n'kugula nyumba ya madola 200,000. Patapita zaka zitatu mitengo yagwa, ndipo nyumba ija tsopano ingagulidwe madola 140,000 okha, pamene ngongole ikadali madola 185,000. Ngakhale ataigulitsa lero, n'kupereka ku banki ndalama zonse, adzatsalabe ndi ngongole ya madola 45,000, nyumba alibe. Sangasamuke kukafuna ntchito kwina, ndipo banki ina singamukongoze pa chikole chotere. Wakodwa ngati mbalame pa ulimbo.

Izi n'zimene zidachitikadi. Mitengo ya nyumba ku America idafika pachimake m'chaka cha 2006, kenaka idatsika kufikira m'chaka cha 2012. M'mizinda ya Las Vegas ndi Phoenix nyumba zidataya koposa theka la mtengo wake. Pofika m'chaka cha 2011, nyumba pafupifupi 11 miliyoni zidali ndi ngongole yoposa mtengo wake, ndiye kuti pafupifupi nyumba imodzi mwa zinayi zilizonse zogulidwa ndi ngongole. Ambiri mwa eni ake adachotsedwanso ntchito nthawi yomweyo.

Pamene pali chovunda, miimba siichedwa. Makampani adayamba kulengeza pa wailesi, m'makalata ndi pa lamya kuti ali ndi luso lokakamiza banki kuchepetsa ngongole. Ena adadzipatsa maina ndi zizindikiro zofanana ndi za boma kuti anthu awakhulupirire. Ambiri ankafuna madola zikwi zingapo asadagwire ntchito iliyonse. Choipitsitsa n'chakuti ena ankalangiza mwininyumba kuti aleke kulipira ku banki ndi kuleka kuyankha makalata ake, ati pofuna kuti zokambirana ziyende bwino. Miyezi inkapita, chiwongoladzanja chinkachuluka, ndipo tsiku lina munthuyo ankangolandira chikalata chomulanda nyumba, kampani ija itasowa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono funso ndi ili: kodi kampani yotere, ngakhale ikhale yachilungamo, imagulitsa chiyani kwenikweni? Yankho lake n'lakuti imagulitsa pakamwa ndi cholembera basi. Mphamvu yochepetsa ngongole ili m'manja mwa mwini ngongoleyo, ndipo palibe mkhalapakati amene angamukakamize. Ndiponso ku America ngongole zambiri zidali zitagulitsidwa kale kwa anthu ena oika ndalama m'malonda, kotero kuti ofesi yolandira ndalama mwezi ndi mwezi sidali ndi ufulu wonse wosintha pangano.

Njira zimene banki ingavomere n'zodziwika, ndipo si zachinsinsi ayi. Yoyamba ndiyo kusintha pangano: kutsitsa chiwongoladzanja kapena kutalikitsa zaka zobweza, kuti ndalama za pamwezi zichepe. Yachiwiri ndiyo kulola mwininyumba kugulitsa nyumbayo pa mtengo wochepera ngongole. Yachitatu ndiyo kupereka nyumbayo ku banki mwamtendere, popanda kudikira kuilanda. Banki ikavomera imodzi mwa njirazi, si chifukwa cha mawu okoma a mkhalapakati, koma chifukwa yawerengera n'kuona kuti kulanda nyumba ndi kuigulitsa kudzaitayitsa ndalama zambiri kuposa kugwirizana. Chimene chimaikhutiritsa ndi mapepala oonetsa malipiro a munthuyo, ndalama zimene amawononga pa mwezi, ndi mtengo weniweni wa nyumbayo. Mapepala amenewa mwini wake ali nawo kale m'nyumba mwake.

Pa njira yachiwiri ndi yachitatu pali mbuna imene ambiri adagweramo. Nyumba ikapita, ngongole yotsala ija siifa yokha. M'zigawo zina, monga California ndi Arizona, malamulo amateteza anthu ambiri kuti banki isawalondole pa ndalama zotsala za ngongole imene adagulira nyumba yokhalamo. Koma m'zigawo zina zambiri banki ili ndi ufulu wokasuma kukhoti. Choncho pangano lililonse liyenera kunena momveka, m'malemba, kuti ngongole yotsalayo yakhululukidwa. Palinso nkhani ya msonkho, pakuti malamulo a dzikolo amawerenga ngongole yokhululukidwa ngati ndalama zimene munthu wapindula. M'chaka cha 2007 nyumba ya malamulo idachotsa msonkhowu pa nyumba zokhalamo kwa zaka zingapo, ndipo nthawiyo idawonjezedwa kangapo pambuyo pake.

Boma litaona kulira kwa anthu lidachitapo kanthu. M'chaka cha 2009 boma la Pulezidenti Barack Obama lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Making Home Affordable, imene cholinga chake china chidali kutsitsa malipiro a pamwezi kufika pa magawo 31 mwa magawo 100 alionse a ndalama zimene banja limalandira. Kulembetsa kudali kwaulere, ndipo kudatsekedwa kumapeto kwa 2016. Chikhalirecho makampani ena ankalipiritsa anthu chifukwa chongowalembera mafomu omwewo. M'mwezi wa October 2009 chigawo cha California chidaletsa kulandira malipiro ntchito isadathe, ngakhale kwa maloya. Kenaka bungwe la Federal Trade Commission lidaika lamulo la dziko lonse, limene mbali yake yoletsa malipiro oyambirira idayamba kugwira ntchito pa 31 January 2011. Lamuloli likuti kampani isalandire khobidi kufikira itabweretsa chikalata chochokera kwa mwini ngongole, ndipo mwininyumba atachivomera. Likutinso kampaniyo iziulula kuti si ya boma ndi kuti banki ikhoza kukana, ndipo isauze munthu kuti aleke kulankhula ndi banki yake. Maloya okha ndiwo adapatsidwa mpata pang'ono, akatsata mfundo zina.

Kodi pamenepa tinene kuti kulipira wothandiza n'kulakwa nthawi zonse? Iyayi. Munthu amene nkhani yake yafika kale kukhoti, kapena amene ali ndi ngongole ziwiri pa nyumba imodzi, angapindule ndi loya wodziwa malamulo a chigawo chake. Koma asadatulutse ndalama, ayambe wapita kwa alangizi aulere, pakuti unduna woona za nyumba m'dzikomo, wotchedwa HUD, uli ndi mndandanda wa mabungwe ovomerezeka othandiza anthu otere popanda malipiro. Safunsa adadya phula.

Mwachidule, okondedwa omvera, munthu wofuna kuyesa mkhalapakati amufunse mafunso atatu. Kodi mudzachita chiyani chimene ine sindingathe kuchita ndekha? Kodi banki ikakana, ndalama zanga zidzabwerera? Nanga malipiro anu mukuwafuna liti, ntchito isadayambe kapena chikalata cha banki chili m'manja mwanga? Amene azengereza pa funso lachitatuli, mutsazikeni msanga, ndalama zanu zikadali m'thumba.